Lacerda e Almeida: katswiri wa nyenyezi amene anachoka ku Coimbra, nadzera ku Tete, nakafera kwa Kazembe

TETE, Mozambique — Pa 3 Julayi 1798, chikhamu cha anthu chinanyamuka pa gombe la kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, moyang'anizana ndi tauni ya Tete, ndi kulunjika ku mapiri a dziko la Amaravi. Pa gululo panali asilikali pafupifupi 50, wansembe mmodzi, amalonda angapo odziwa njira, ndi amtengatenga mazanamazana atasenza mitolo ya nsalu ndi mikanda. Mtsogoleri wawo anali bwanamkubwa wa chigawocho, munthu wa zaka 44 amene malungo anali atamufooketsa kale. M'katundu wake munali makina oonera zinthu zakutali, kampasi, wotchi yosunga nthawi molondola ndi mabuku a masamu.

Munthuyo anali Francisco José de Lacerda e Almeida, ndipo lamulo limene analandira ku Lisbon linali lakuti adutse Africa kuchokera ku nyanja ya kum'mawa mpaka ku Angola. Sanafike. Anamwalira patangotha miyezi itatu ndi theka, ali pafupi ndi likulu la Mfumu Kazembe, m'dera limene lero lili kumpoto kwa dziko la Zambia. Komabe zimene analemba paulendowo ndi zina mwa zolembedwa zakale kwambiri zofotokoza mwatsatanetsatane midzi, minda, malonda ndi mafumu a dziko lapakati pa Zambezi ndi Luapula, ndipo mantha amene anamuchititsa ulendowo anapherezeka patapita zaka pafupifupi 100, pamene malire a mayiko a kuno anadulidwa.

Kuchokera ku São Paulo kupita ku Coimbra

Lacerda anabadwa m'chaka cha 1753 ku São Paulo, m'dziko la Brazil, limene panthawiyo linali m'manja mwa Apwitikizi. São Paulo sunali mzinda waukulu monga ulili lero. Inali tauni yapaphiri, yotchuka chifukwa cha anthu ake amene ankalowa m'nkhalango ndi m'mitsinje kukafuna golide ndi kukagwira anthu ukapolo. Ku Brazil kunalibe yunivesite, motero mabanja amene anali ndi kangachepe ankatumiza ana awo aamuna kutsidya la nyanja ya Atlantic, ku Coimbra. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1770, mnyamatayo anakwera chombo ulendo wa kumeneko.

Mlendo wofika ku Coimbra, kale ngakhale lero, amayamba waona mtsinje wa Mondego, kenaka phiri limene nyumba zoyera zinamangidwa mosanjikizana kuchokera m'mphepete mwa madzi mpaka pansonga. Mzindawu unali likulu la Portugal m'zaka za m'ma 1100 ndi gawo la zaka za m'ma 1200, ndipo mfumu yoyamba ya dzikolo, Afonso Henriques, inaikidwa m'manda m'nyumba ya amonke ya Santa Cruz, kumunsi kwa phirilo. Pansonga pali yunivesite, imene inakhazikitsidwa ku Lisbon m'chaka cha 1290 ndi kusamukiratu ku Coimbra m'chaka cha 1537, m'nyumba imene kale inali yachifumu. M'masiku a Lacerda, nyumba yosungira mabuku ya Joanina, yomangidwa kuyambira 1717 mpaka 1728, inali ikadali yatsopano, ndipo belu la pansanja, limene ophunzira analitcha mbuzi, ndilo linkawadzutsa m'mawa ndi kuwabweza ku zipinda zawo madzulo.

Mtsinjewo unali msewu wa mzindawo komanso mdani wake. Mabwato a thanga ankabweretsa mchere ndi nsomba kuchokera ku Figueira da Foz ndi kutsitsa nkhuni ndi makala kuchokera kumapiri. Koma nyengo ya mvula madzi ankasefukira ndi kusiya mchenga, mwakuti masisitere a ku Santa Clara, kutsidya la mtsinje, anasiya nyumba yawo yakale m'chaka cha 1677 ndi kusamukira pamalo okwera. Mnyamata amene moyo wake wonse unadzathera m'mitsinje anaphunzira tsiku ndi tsiku akuyang'ana tchalitchi chimene mtsinje unali utachikwirira theka.

Anafika panthawi yabwino. M'chaka cha 1772, nduna yaikulu ya mfumu, Marquês de Pombal, inabwera yokha ku Coimbra kudzapereka malamulo atsopano a yunivesite. Malamulowo anakhazikitsa nthambi ya masamu ndi nthambi ya maphunziro a chilengedwe, ndipo analamula kuti pakhale munda wa zomera zosiyanasiyana ndi malo oonerapo nyenyezi. Boma linkafuna anthu otha kuyeza dziko, chifukwa linali ndi maiko akutali amene silinkadziwa kukula kwake. Mwa aphunzitsi a nthambi ya masamu munali José Monteiro da Rocha ndi José Anastácio da Cunha. M'chaka cha 1777 Lacerda analandira digiri ya udokotala wa masamu, pamodzi ndi mnzake wa ku Brazil komweko, Antônio Pires da Silva Pontes.

Luso limene anatuluka nalo linali lodziwa pamene munthu waima pa dziko lapansi poyang'ana kumwamba. Kudziwa kuti malo ali kumpoto kapena kummwera motani kunali kosavuta kwenikweni: woyeza ankaona kukwera kwa dzuwa masana kapena kwa nyenyezi usiku. Chovuta chinali kudziwa kuti malowo ali kum'mawa kapena kumadzulo motani. Apa woyeza ankadikira usiku wopanda mitambo, ndi kuona nthawi imene umodzi mwa miyezi ya pulaneti ya Jupiter ukulowa mumthunzi, kenaka ankayerekeza nthawiyo ndi imene inalembedwa m'mabuku osindikizidwa ku Ulaya. Kusiyana kwa ola limodzi kumatanthauza madigiri 15. Kulakwitsa mphindi zochepa kukanasuntha mudzi pa mapu ndi makilomita ambiri.

Zaka khumi m'mitsinje ya Brazil

M'chaka chomwecho cha 1777, Portugal ndi Spain anasayinirana pangano la San Ildefonso lokhudza malire awo ku South America. Panganolo linatchula mitsinje ndi mapiri zimene anthu olisayinawo anali asanazionepo, choncho panafunika akatswiri okapeza malowo ndi kuwaika pa mapu. Lacerda ndi Silva Pontes anasankhidwa, ndipo ananyamuka ku Lisbon kumayambiriro kwa 1780.

Anayambira ku Belém, kumatsiriro a Amazon, nakwera mpaka ku Barcelos pa mtsinje wa Negro. Kuchokera kumeneko analowa mu Madeira, mtsinje wa mathithi otsatizana kumene mabwato ankatsitsidwa katundu ndi kukokedwa pamtunda, kenaka mu Mamoré ndi Guaporé, mpaka anafika ku Vila Bela, likulu la Mato Grosso, m'chaka cha 1782. M'chaka cha 1786 anayeza mtsinje wa Paraguay ndi madambo ake. Mu 1788 Lacerda anatsata njira ya mabwato yodzera mu Taquari, Coxim, Pardo, Paraná ndi Tietê, nafika kwawo ku São Paulo kumayambiriro kwa 1789. Anabwerera ku Lisbon mu 1790.

Zaka khumi zimenezi zinamuphunzitsa zambiri, ndipo zina mwa izo zinadzamusocheretsa. Anatuluka ku Brazil akukhulupirira kuti dziko lalikulu limatsegulidwa ndi mitsinje, ndi kuti pamene mtsinje wina wathera, wina umayambira pafupi, kotero kuti munthu angonyamula bwato pamtunda pang'ono n'kupitiriza. Anatulukanso ndi khalidwe la munthu wa boma wosanyengerera. M'chaka cha 1786 analembera kalata nduna ku Lisbon yoneneza mnzake Silva Pontes kuti amalankhula zoti dera la Minas Gerais lidzakhala mutu wa ufumu paokha. Kuneneza kumeneku sikunamugwetse Silva Pontes, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Espírito Santo. Lero mayina a anthu awiriwa ali pamodzi pa mapu a Brazil, pa tauni ya Pontes e Lacerda ku Mato Grosso.

Lamulo la ku Lisbon

Ku Lisbon, Lacerda anaphunzitsa masamu pa sukulu ya asilikali apamadzi ndipo analowa m'bungwe la akatswiri a sayansi la mumzindawo. Akanatha kukalamba mumtendere m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo. Koma m'chaka cha 1795 Angerezi analanda Cape kwa Adatchi, ndipo chaka chotsatira Rodrigo de Sousa Coutinho anakhala nduna yoona za nkhondo yapamadzi ndi maiko akunja. Ndunayi inkafuna kulumikiza Angola ndi Mozambique pamtunda, maganizo amene Apwitikizi anali atawalankhula kwa zaka zoposa 100 osawachita.

Lacerda anagwirizana nazo, ndipo m'zolemba zake anachenjeza kuti Angerezi sadzakhutira ndi Cape, koma adzakwera chakumpoto pang'onopang'ono mpaka atalowa pakati pa maiko awiri a Apwitikiziwo. Ankaganizanso kuti gwero la Zambezi lingakhale pafupi ndi gwero la Cunene, mtsinje wa kummwera kwa Angola, ndi kuti malonda angayende pamadzi kuchokera nyanja ina kukafika nyanja ina monga anaonera ku Brazil. M'chaka cha 1797 anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa chigawo chimene Apwitikizi ankachitcha Rios de Sena, kutanthauza chigwa cha Zambezi, ndipo ananyamuka ndi banja lake.

Tete monga anaupezera

Atafika pa chilumba cha Mozambique, anatsikira ku Quelimane chakumapeto kwa 1797, nayamba kukwera Zambezi pa bwato nyengo ya mvula itayamba. Anadutsa Sena, nalowa m'mpata wa Lupata, pamene mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe ndipo opalasa amalimbana ndi madzi othamanga. Pamalo alionse pamene thambo linalola, anayeza ndi kulemba. Anafika ku Tete mu Januwale 1798.

Tete, umene eni dera amautcha Nyungwe, unali kale malo akale. Amalonda achiswahili ankagulitsirapo nsalu ndi mikanda Apwitikizi asanabwere, ndipo Apwitikiziwo anakhazikikapo cha m'ma 1530 pofuna golide wa ufumu wa Mwenemutapa. M'zaka za m'ma 1760 malowo anapatsidwa udindo wa tauni ndipo likulu la chigawo linasamutsidwira kumeneko kuchoka ku Sena. Tauniyo inamangidwa pa mizere ya miyala yotsetsereka kulowa kumtsinje, pamalo otentha kwambiri, pakati pa milambe ndi mitengo ya masawu. Panali linga la São Tiago Maior, tchalitchi, nyumba zochepa zamiyala za amalonda, ndi nyumba zambiri zaudzu za anthu wamba ndi akapolo. Mtunda wosapitirira masiku ochepa kumtunda kwa mtsinje kunali mathithi a Kebrabasa, amene ankatseka njira ya mabwato, pamene lero pali damu la Cahora Bassa.

Mphamvu zenizeni sizinali m'linga. Zinali m'manja mwa eni minda ikuluikulu yotchedwa maprazo, imene mfumu ya Portugal inkabwereketsa kwa mibadwo itatu, kawirikawiri kudzera mwa ana aakazi. Eni mindayi anali a magazi osakanikirana, achipwitikizi, achimwenye a ku Goa ndi achiafirika. Ankalankhula zinenero za m'chigwamo, ankatolera msonkho kwa alimi, ndipo aliyense anali ndi gulu lake la akapolo onyamula zida, Achikunda. Bwanamkubwa wochokera ku Lisbon analibe asilikali okwanira kuwalamula. Lacerda anawalemba mowawa: anawaneneza za umbuli, ulesi, nkhanza kwa akapolo ndi kusalabadira malamulo a mfumu. Iwonso sanamukonde, ndipo ambiri anaona ulendo wake ngati chinthu chodzawalanda antchito ndi kusokoneza malonda awo. Pasanathe miyezi yambiri, malungo anapha mkazi wake, ndipo iye mwini anadwala kwakayakaya.

Njira ya kwa Kazembe

Ali ku Tete, Lacerda anamva nkhani imene inasintha mapulani ake. Kumpoto kwa Zambezi, m'dziko la Amaravi, kunkakhala wamalonda wa ku Goa dzina lake Gonçalo Caetano Pereira, amene ankakumbitsa golide. M'chaka cha 1793 amalonda Achibisa anafika kwa iye ndi minyanga ya njovu, namuuza kuti mbuye wawo, Mwata Kazembe wa Alunda a ku Luapula, akufuna ubale wa malonda. Mu 1796 mwana wake, Manuel Caetano Pereira, anatsagana ndi Abisawo mpaka ku likulu la mfumuyo ndi kubwerera. Kumayambiriro kwa 1798 nthumwi za Kazembe zinali ku Tete komweko, ndipo Lacerda anazifunsa mafunso ndi kulemba mayankho ake.

Kazembe wa nthawiyo anali Lukwesa Ilunga, wachitatu pa mpandowo. Ufumu wake unali ndi minyanga, mchere ndi mkuwa wa ku Katanga, ndipo unali pa ubale ndi Mwata Yamvo, mfumu yaikulu ya Alunda kumadzulo, amene katundu wa ku Angola ankafika kwawo. Apa Lacerda anaona kuti njira yodutsa Africa inalipo kale, ndipo inali njira yapansi ya amalonda achiafirika. Anamvanso chinthu chodetsa nkhawa boma lake: minyanga yambiri ya Abisa inkapita kwa Ayao, amene ankaitengera ku madoko a kumpoto, monga Kilwa, kumene nsalu zinali zotsika mtengo kuposa za Apwitikizi.

Chimene chinasowa chinali anthu osenza katundu. Eni maprazo ambiri anazemba. Amene anamuthandiza kwambiri anali mayi wolemera wa ku Tete, Dona Francisca Josefa de Moura e Meneses, amene anthu a m'deralo ankamutcha Chiponda chifukwa cha mphamvu zake. Mayiyu anapereka antchito ake ambiri, ndipo amuna atachepa anatumiza akazi pafupifupi 200, akapolo a ku migodi yake ya golide. Ulendo umene mabuku a ku Ulaya amautcha woyamba wa sayansi m'katikati mwa kummwera kwa Africa unayenda pa mitu ya anthu amene sanafunsidwe ngati akufuna kupita, ndipo mayina awo sanalembedwe.

M'dziko la Amaravi ndi la Abisa

Mavuto anayamba sabata yoyamba. Amtengatenga ankathawa usiku, ena m'magulu a anthu makumi angapo, n'kusiya mitolo m'njira. Anali ndi zifukwa zomveka: ankapita ku dziko losadziwika, kutali ndi mabanja awo, popanda malipiro ooneka. Lacerda anakakamizika kusiya katundu wina ndi kulemba ganyu anthu a m'midzi, amene ankasenza mtunda wa tsiku limodzi kapena awiri, n'kufuna nsalu zawo, n'kubwerera. Akuluakulu a gulu lake ankakangana okhaokha, ndipo ena mwa iwo maso awo anali pa malonda awoawo.

Njirayo inadzera kumpoto kwa chigawo cha Tete cha lero, nilowa m'dera limene tsopano ndi chigawo cha Kum'mawa cha Zambia. Linali dziko la mafumu a Amaravi, makolo a Achewa a lero, pamene ufumu wa Undi unali utayamba kuchepa mphamvu ndipo mafumu ang'onoang'ono ankadzilamulira okha. Mfumu iliyonse inkayembekezera mphatso mlendo asanadutse m'dziko lake. Lacerda ankaona zimenezi ngati umbava, koma kwa eni dziko linali lamulo lodziwika, lofanana ndi msonkho umene Apwitikizi ankalipiritsa pa madoko awo. Ngakhale anali wokwiya ndi wodwala, sanaleke kulemba zimene ankaona: midzi yoyandikana, minda, zitsulo zosulidwa m'deralo, kavalidwe ndi kakonzedwe ka tsitsi, mayina a mitsinje ndi kumene madzi ake akulowera.

Chakumapeto kwa Ogasiti anaoloka Luangwa. Anaupeza wosazama m'chilimwe, wosayenera mabwato akuluakulu amene ankawaganizira. Kenaka anakwera mapiri a Muchinga, nalowa m'dziko la Abisa, kumene chakudya chinali chosowa ndipo usiku kunkazizira. Malungo ankabwerera mobwerezabwereza. Ankamwa mankhwala a khungwa la mtengo wa kwinini, ndipo masiku ambiri ankanyamulidwa pa machila, kampasi ili m'manja, akulemba mbali imene gulu likulowera ndi maola amene layenda.

Mu Sepitembala anafika pa mtsinje wa Chambeshi. Dzina lake linkamveka ngati Zambezi, ndipo amene anamutsogolera ankautcha choncho. Funso la kumene madzi ake amathera linali pamtima pa ulendo wonsewo. Lero n'zodziwika kuti Chambeshi amalowa m'madambo a Bangweulu, madzi ake n'kutuluka ngati Luapula, n'kukathera mu Congo ndi nyanja ya Atlantic. Kufanana kwa mayinawo kunasokoneza olemba mapu kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale David Livingstone anavomereza kuti kunamutayitsa nthawi. Chakumapeto kwa mwezi womwewo, Lacerda anakwanitsa kuyang'ana miyezi ya Jupiter komaliza ndi kulemba malo amene anali. Buku lake la tsiku ndi tsiku linathera kumayambiriro kwa Okutobala.

Anamwalira pa 18 Okutobala 1798, pafupi ndi likulu la Kazembe, m'dera la nyanja yaing'ono ya Mofwe, kummwera kwa nyanja ya Mweru. Anali atayenda makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Tete. Ntchito yokambirana ndi mfumu imene anaiyendera mtunda wonsewo inatsalira ena.

Otsala ndi obwera pambuyo

Malinga ndi malangizo amene Lacerda anasiya, utsogoleri unapita kwa wansembe wa gululo, Bambo Francisco João Pinto. Ena mwa akuluakulu anakana kumumvera, ndipo mikangano yawo inachitikira poyera, pamaso pa Alunda. Kazembe anawalandira mwaulemu, anasinthana nawo mphatso, koma nkhani ya kupitirira kumadzulo ankangoikankhira kutsogolo. Ankanena za nkhondo ndi zoopsa za m'njira. Chifukwa china chinali chapoyera: mphamvu za mfumuyo zinkadalira kukhala pakati pa malonda a kum'mawa ndi a kumadzulo, ndipo panalibe phindu lolola alendo kuti alumikize mbali ziwirizo popanda iye. Mu Julayi 1799 gululo linatembenuka, linavutitsidwa m'dziko la Abisa, ndipo linafika ku Tete mu Novembala, lili lochepa ndi losweka.

Amene anadzatsiriza ulendowo sanali madokotala a ku Coimbra. Anali amalonda awiri akuda a ku Angola, Pedro João Baptista ndi Amaro José, otumidwa ndi Francisco Honorato da Costa wa ku Cassange. Ananyamuka mu 1802, anafika kwa Kazembe mu 1806, anasungidwa kumeneko zaka zinayi, ndipo analowa mu Tete mu Febuluwale 1811, kenaka anabwerera ku Angola njira yomweyo. Baptista nayenso analemba buku la ulendo wake. Mu 1831 ndi 1832, José Monteiro ndi António Gamitto anatsata mapazi a Lacerda kuchokera ku Tete, ndipo buku la Gamitto, losindikizidwa mu 1854, lili ndi zambiri zokhudza miyambo ya Amaravi, Achewa, Atumbuka ndi Abisa. Livingstone, amene anafika ku Tete mu Malichi 1856 pa ulendo wake wochokera ku Luanda, anakafika kwa Kazembe mu 1867, ndipo analemba kuti Lacerda anafera pafupi ndi kamtsinje ka Chungu.

Zolemba za Lacerda zinachedwa kuwerengedwa. Buku la maulendo ake a ku Brazil linasindikizidwa ku São Paulo mu 1841. La ku Africa linafika kwa owerenga Chingerezi mu 1873, pamene bungwe la Royal Geographical Society ku London linatulutsa kumasulira kwa Richard Burton m'buku lotchedwa The Lands of Cazembe.

Chenjezo limene linapherezeka

Pamene maiko a ku Ulaya anayamba kulimbirana Africa m'zaka za m'ma 1880, boma la Portugal linatulutsa mapu opaka mtundu wa pinki kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo ulendo wa Lacerda unali umodzi mwa maumboni amene linapereka kuti Apwitikizi ndiwo anayamba kufika m'deralo. Britain inayankha kuti kudutsa m'dziko si kulilamulira. Pa 11 Januwale 1890 inalamula Portugal kuchotsa asilikali ake m'chigwa cha Shire ndi ku Mashonaland, ndipo Portugal inagonja. Pangano la 1891 linaika Angerezi pakati pa Angola ndi Mozambique, monga momwe Lacerda anachenjezera zaka zoposa 90 m'mbuyomo.

Malire amene anatuluka m'panganolo ndi m'mapangano otsatira anagawa dziko la Amaravi patatu. Midzi imene Lacerda anaidutsa monga dziko limodzi lero ili mbali ina ku Mozambique, mbali ina ku Zambia, ndipo abale awo ali ku Malawi. Achewa a m'maiko atatuwa amakumana chaka ndi chaka ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo ambiri amaoloka malire kuti akafike. Mpando wa Mwata Kazembe ulipobe ku Mwansabombwe, kumene mwambo wa Mutomboko umachitika kumapeto kwa Julayi.

Akatswiri a mbiri samuona Lacerda mofanana. Kwa ena ndi munthu wa sayansi amene anapitiriza kuyeza ndi kulemba mpaka dzanja litalephera. Kwa ena ndi mtumiki wa ufumu wachitsamunda, amene ananyoza anthu amene ankamusenza ndipo cholinga chake chinali kukokera minyanga ndi mkuwa ku madoko a mfumu yake. Zonse ziwiri zili m'buku lake, nthawi zina pa tsamba limodzi. Wowerenga wa kuno amapezamo chinthu chachitatu chimene mlembiyo sanachifune: umboni wakuti dziko lapakati pa Zambezi ndi Luapula linali ndi mafumu, malamulo ndi njira za malonda zofika ku nyanja zonse ziwiri, ndi kuti mlendo ankadutsa pokhapokha eni ake atalola.

Mizinda iwiri ya m'mphepete mwa mitsinje imene inaumba moyo wake ikadalipo. Ku Coimbra, yunivesite inalembedwa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2013, ndipo alendo amakwera misewu yopapatiza ya phirilo kukaona nyumba ya mabuku ya Joanina ndi munda wa zomera wa 1772. Tchalitchi cha Santa Clara chakale chinafukulidwa m'matope ndipo chimalandira alendo. Tete unakhala mzinda mu 1959, ndipo pa kalembera wa 2017 unali ndi anthu oposa 300,000. Makoma a linga la São Tiago Maior akadaoneka pafupi ndi mtsinje. Mlatho wa Samora Machel, womalizidwa mu 1973, ndi wa Kassuende, wotsegulidwa mu 2014, amanyamula magalimoto opita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Woyenda pa basi kuchokera ku Blantyre kupita ku Harare amaoloka Zambezi pa mphindi zochepa, pafupi ndi pamene amtengatenga a Dona Francisca anasenzera mitolo yawo m'chisanu cha 1798.